Chiwindi cha Kankhumba Konyentchera

Ndinafika ku Lusaka dziko litangolandira kumene ufulu, ndili ndi mwana mmodzi kumsana. Amuna anga anali atatsogola kukafuna ntchito ya zomangamanga, ndipo atapeza malo ku komboni ya George anaumba zidina, namanga zipinda ziwiri, kenako ananditumizira uthenga ku Katete kuti ndibwere. George wa masiku amenewo sanali wothinana ngati lero. Pakati pa nyumba ndi nyumba pankamera udzu, anthu ankabzala chimanga ndi maungu kuseri kwa nyumba zawo, ndipo ukayenda kulowera kumadzulo, usanatope n'komwe unkapezeka uli m'mafamu.

Ku mafamu amenewo n'kumene amayi ambiri a m'komboni tinkapita kukagwira ganyu ya kupalira. Tsiku lina tikupalira m'munda wa famu ina, nkhumba yaikazi yaikulu inathyola khola n'kulowa m'chimanga. Amuna anayi anaithamangitsa ndi ndodo, iyo ikungokuwa ndi kugwetsa mapesi. Ine ndinaika khasu pansi, ndinathyola masamba a bonongwe, ndi kuyamba kuiitana monga tinkaitanira zathu kumudzi. Inaima, inandinunkhiza. Ndinaikanda kuseri kwa khutu, kenako pamimba, ndipo tinayenda limodzi mpaka kukhola ngati anthu ochokera kutchalitchi.

Akapitao a makola anali ataima potero akuonerera. Anali mdala wa ku Petauke, wamfupi, wa chipewa chong'ambika pamwamba, amene anagwirapo ntchito pafamupo kuyambira nthawi ya mzungu. Mzunguyo anali atapita, famu itagulidwa ndi bambo wina wa m'tauni amene ankangobwera Loweruka.

"Amama, kwanu ni kuti?" anandifunsa.

"Ku Katete."

"Nchifukwa chake. Mailo musabwele na kambwili. Mubwele kuno ku makola."

Mawa lake khasu ndinalisiya kunyumba. Umo ndi mmene ndinayambira ntchito m'nyumba yoberekeramo nkhumba, ndipo ndinakhalamo zaka zambiri.

Nkhumba za pafamu zinali zoyera, zazitali, zosiyana kwambiri ndi zakuda za kwathu zimene zimadzisakira zokha chakudya m'mudzi. Zinkabereka ana ambiri nthawi imodzi, ena mpaka kusowa bere. Ndipo pafupifupi pa ana a nkhumba iliyonse pankapezeka kamodzi, nthawi zina tiwiri, tobadwa tonyentchera. Sikuti tinkabadwa masiku asanakwane ayi. Tinkabadwa tsiku limodzi ndi anzake, koma thupi lake kukwana m'dzanja limodzi, mutu waukulu wozungulira, maso otong'oka, khungu lamakwinya ngati la nkhalamba. Anzake akamathamangira kumawere, iko kankangozandima kumbuyo, n'kukagwa pakona, n'kuyamba kuzizira.

Lamulo la akapitao pa tiana totere linali limodzi. Ankakanyamula ndi miyendo yakumbuyo, kupita nako kuseri kwa khola, n'kubwerako manja ali lendee. Sankachita mwankhanza. Ankati n'chifundo, poti kakanafa ndithu, mwina kuponderezedwa ndi make, mwina ndi njala.

Miyezi yoyamba ndinkangoyang'ana kumbali. Koma m'mawa wina wa nyengo yozizira, nkhumba imene ndinkaikonda inabereka, ndipo komalizira kutuluka kanali kotero. Ndinakapukuta ndi saka, ndinakankha tiwiri tonenepa, n'kukaika pabere lakutsogolo. Kanagwira. Kanayamwa mkaka woyamba uja wachikasu, ine nditakagwirira ndi manja onse awiri, thupi lake likunjenjemera. Akapitao atafika ndi kutambasula dzanja, ndinati, "Ba kapitao, nipatseni ine aka."

"Muzakachita chani? Ndiwo sikakwana."

"Nizakayesa chabe ku nyumba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Tengani. Koma musazabwele kuno na misozi."

Ndinakasiya kwa make masiku atatu, ndikukayamwitsa ndekha nthawi iliyonse imene ntchito yandilola, ndipo lachinayi ndinakaika m'katoni, n'kusenza pamutu mpaka ku George. Amuna anga atabwera kuntchito anapeza katoni pafupi ndi mbaula, anasuzumiramo, n'kuseka mpaka kukhala pansi.

"Amai, uyu ni khoswe wamene mwanibweletsela?"

Komabe Lamlungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, anatenga zidina zotsala ndi malata awiri akale, namanga kakhola kuseri kwa nyumba. Anakamanga bwino, ndi chingwe ndi levulo, ngati akumangira bwana.

Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mayi wina wa ku Kasama, wamkulu kwa ine, amene ankagulitsa kapenta pamsika. Ndi iye amene anandilandira nditangofika kumene, kundionetsa kotunga madzi ndi kogula malasha, ndi kundiphunzitsa kalankhulidwe ka m'tauni kuti ogulitsa asamandione kuti ndine wakumudzi. Ana athu ankadyera mbale imodzi. Ataona kankhumba kaja anakondwa kuposa ine.

"Aka kafuna vakudya va mphamvu," anatero. "Nili na fumbi ya kapenta yambili, ingokhala chabe mu masaka."

Linali fumbi ndi timitu totsalira pansi pa masaka, zimene sakanatha kugulitsa. Ankazisunga pakona m'nyumba mwake, pansi pa malata otentha, miyezi ndi miyezi. Anandipatsa saka lonse. Anandipezeranso mafuta otsala kwa mnzake wokazinga vitumbuwa, mafuta akuda amene anali atakazingira kambirimbiri. Ine ndinali ndi saka lalikulu la gaga limene ndinatenga kuchigayo kalekale. Kankhumba katayamba kudya, ndinkasakaniza zonsezi: gaga, fumbi la kapenta, ndi mafuta pang'ono. Fungo lake linali lamphamvu, lokhala ngati lowawa, koma ndinkati nkhumba sisankha.

Ndipo kanadyadi. Kananenepa, makwinya anatha, khungu linayamba kuwala. Kankandidziwa mapazi, ndikangokhota pakona ya nyumba kayamba kale kulira. Amuna anga anasiya kukatcha khoswe. Kenako tsiku lina m'mawa, popita kukakapatsa chakudya, ndinakapeza kali gone pakhomo pa khola, kataumiratu. Dzulo lake kanadya bwino, kanasewera. Panalibe bala, panalibe kutsegula m'mimba.

Ndinalira, koma kuntchito sindinapite ndi misozi. Patapita miyezi iwiri ndinapemphanso kena. Akapitao anangokweza mapewa. Kachiwiri kameneka kanayenda njira yomweyo: kunenepa, kuwala, n'kufa mwadzidzidzi. Kachitatu ndinatenga tiwiri pamodzi, kuti tizifunditsana. Kamodzi kanafa Lachiwiri, kenako Lachisanu.

Anthu anali atayamba kale kulankhula, kuyambira pa imfa ya kachiwiri kaja. Pampopi amayi ankati chiweto sichifa chonenepa popanda dzanja la munthu. Wina anandifunsa monong'ona kuti kodi chakudya amandipatsa ndani. Amuna anga, amene sankakonda nkhani zotere, tsiku lina ananena akutsuka m'manja, osandiyang'ana, kuti, "Vija vamene mutenga pa neba, mwina mulekeko." Sananene zambiri, koma ndinamva.

Ndiyenera kuvomera kuti maganizo amenewo anandilowa. Ndinayamba kumuzemba mayi uja. Akandipatsa moni ndinkayankha mwachidule. Ana anga ndinawauza kuti azidyera kwathu. Iye anazindikira, poti sanali wopusa, ndipo nayenso anasiya kubwera. Tinkaanika zovala pa chingwe chimodzi, chomangidwa kuchokera panyumba yake kufika payathu, koma aliyense ankadikira kuti mnzake alowe m'nyumba.

Kankhumba kachinayi kaja kanafa tsiku limene adokotala a ziweto ankabwera pafamu. Ankabwera kamodzi pamwezi pa galimoto yakale yobiriwira. Anali munthu wa ku Kopala, dera la migodi, wamtali, wa magalasi, mmodzi mwa anthu akuda oyamba amene ndinawaona akugwira ntchito imeneyo, ndipo Chinyanja chawo chinali chodzaza Chibemba. Ndinali ndisanalankhule nawo kupatula moni. M'mawa umenewo ndinakulunga kankhumba m'chitenje chakale n'kupita nako kuntchito. Akapitao ataona anati, "Nanga maliro mwabweletsa kuno?" Ndinadikira adokotala amalize kubaya jakisoni nkhumba zazikulu, ndipo akusamba m'manja pa mgolo ndinagwada, n'kufunyulula chitenje.

"Ba dokota, ni kachinayi aka. Nifuna kuziba ngati ni munthu akunipaila."

Sanaseke. Anafunsa kuti kafa liti, kanali ndi masabata angati, kanabadwa bwanji. Kenako anati, "Bamayo, mwachita bwino kubweletsa. Tiyeni tikaone mukati. Simuyopa?"

Ndinati munthu wa ku Katete saopa matumbo a nkhumba.

Anaika thabwa pamwamba pa migolo iwiri pansi pa mtengo, nakang'amba ndi kampeni kawo kakang'ono. M'mimba munali madzi ambiri achikasu. Anatulutsa chiwindi n'kuchiika pa thabwa. Tsiku limenelo pafamu anali atapha nkhumba ina yaing'ono imene inathyoka mwendo, ndipo anapempha akapitao kuti abweretse chiwindi chake. Anaziika pamodzi.

Ziwindi za nkhumba ndinali nditaona zambiri, ndi kuzidya, koma ndinali ndisanaziyang'anepo chotero. Cha nkhumba yothyoka mwendo chinali chosalala, chofiirira monsemonse, cholimba. Cha kankhumba kanga chinali chotupa, cha mawangamawanga, pena potuwa, pena pofiira ngati pakhuthukira magazi. Adokotala anachikanikiza ndi chala, ndipo chinanyenyeka ngati chigumu.

"Si munthu," anatero. "Ni ichi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akusakasaka mawu. Anati kamwana kotere kamanyentchera kali m'mimba, chifukwa malo amene kanagwira m'chiberekero sankafikako chakudya chokwanira. Thupi likaona kuti chakudya n'chochepa, limayamba kupereka ku ubongo, n'chifukwa chake mutu umakhala waukulu. Chiwindi chimatsalira, chimabadwa chaching'ono ndi chofooka. Ndiye m'kati mwa chiwindi, anatero, muli tinthu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Anatchula dzina lake, maitokondiriya, ndipo ndinawapempha kuti abwereze katatu, akapitao akuseka kumbali.

"Muganize monga tumbaula," anatero adokotala, "tumbaula twambili sana, tuyaka usiku na muzuba. Mbaula ikayaka maningi, chisulo chake chimadyeka, chimachita dzimbiri, chimabooka. Nchito yamene iyo ndiye imaiononga. Thupi ili na vinthu vamene vimachingiliza kuti dzimbiri isagwile. Kamwana kabwino kamabadwa navo vokwana. Aka kanu kanabadwa na ving'ono."

Kenako anafunsa kuti ndinkakapatsa chiyani. Ndinatchula gaga, fumbi la kapenta, mafuta a vitumbuwa. Anafunsa kuti gagayo wakhala nthawi yaitali bwanji, kapentayo amasungidwa kuti, mafutawo ndi amtundu wanji. Ndikuyankha, ndinaona nkhope yawo ndipo ndinadziwa ndisanauzidwe.

Anati mafuta akakhalitsa, kaya a m'gaga, kaya a m'nsomba, kaya okazingira kambiri, amawonongeka, ndipo fungo lowawa lija ndicho chizindikiro chake. Mafuta otero akalowa m'thupi amamaliza msanga zoteteza zija. Nkhumba yaikulu ikhoza kupirira kwa kanthawi. Kamwana konyentchera kamene kakunenepa mofulumira, chiwindi chake chikugwira ntchito yoposa msinkhu wake, sikangapirire.

"Ndiye nine nakapaya," ndinatero.

"Awe, bamayo. Imwe munakapatsa vamene munali navo. Uja anakupatsani nayeve anapatsa vamene anali navo. Palibe anaziba."

Anapita kugalimoto n'kubwera ndi kabotolo kofiirira, kokhala ndi mafuta owala ngati uchi. Anati ndi vitamini, mmodzi mwa zoteteza zija. Anandionetsa madontho oyenera kudonthezera pa lilime la kamwana, n'kundichenjeza kuti ndisaonjezere poganiza kuti kuchulukitsa ndiko kuchiritsa. Anati gaga ndizitenga wochepa, wa masiku ochepa, wongochoka kumene kuchigayo. Masamba aawisi tsiku lililonse. Mafuta a vitumbuwa nditaye. Ndipo ananenetsa kuti botololo silidzasandutsa kamwana konyentchera kukhala nkhumba yaikulu, ndiponso si tonse timene tidzapulumuke. Lidzangothandiza chiwindi kuti chilimbe pamene thupi likukula.

Pobwerera ku George madzulo amenewo, za nkhumba sindinkaziganizira kwenikweni. Ndinkaganiza za mayi wa ku Kasama. Ndinamupeza atakhala pakhonde akusankha nyemba. Ndinaima patali pang'ono, n'kuodira ngati mlendo. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusankha. Ndinakhala pansi pafumbi, ndi kumuuza zonse, kuyambira zonena za pampopi mpaka chiwindi cha pa thabwa. Ndinamuuza kuti ndinamuganizira zoipa.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mwebantu. Ine nikusenzela saka kuchoka ku maliketi, iwe uli kuganiza ati ndine mfwiti?"

"Nalakwa, bamayo."

"Walakwa sana. Ana banga banali kunifunsa ati tachita chani. Nenze nilibe vokamba."

Ndinatenga lichero lina limene linali pambali n'kuyamba kusankha nawo nyemba. Sanandiletse. Tinasankha mpaka zinatha. Nditanyamuka kuti ndizipita anati, "Ndiye iyo kapenta yanga ndiye inali na mulandu?" Ndinati kukhalitsa kwake. Anaseka pang'ono, mosafuna, n'kunena kuti wakhala akuuza amuna ake kuti masaka aja akununkhitsa nyumba.

Sizinathe tsiku limodzi. Panapita masabata angapo tikupatsana moni wosamala. Koma Loweruka lina ndinapeza pakhomo panga dengu la masamba otsala pamsika, chibwabwa ndi kalembula ndi makoko a kabichi, ndipo kuyambira pamenepo dengulo linkabwera pafupifupi tsiku lililonse.

Kankhumba kotsatira kanali kakakazi, kokhala ndi banga lakuda pa khutu lamanzere. Kanali kochepa kuposa tonse tam'mbuyo. Ndinakasiya kwa make masiku ambiri momwe ndikanathera, ndikukathamangitsira anzake, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakatsegula kukamwa ndi chala n'kudonthezamo mafuta a m'botolo lija. Nditapita nako kunyumba, ndinkadzera kuchigayo kawiri pa sabata ndi kachitini. Amuna anga ankanyenyanyenya masamba ndi chikwanje asanapite kuntchito.

Sikananenepe ngati tija toyamba. Kankakula pang'onopang'ono, ubweya uli nyankhalala, moti anthu odutsa ankati aka ndiye sikachedwa. Kanafika pa msinkhu umene anzake ankafera, ndipo masiku amenewo m'mawa uliwonse ndinkaima pakona ya nyumba kumvetsera ndisanakhote. Kankalira. Sabata inatha, ina inatha, mwezi unatha. Tsiku lina ndinazindikira kuti ndakhota pakona osaima.

Adokotala akabwera pafamu ankafunsa kuti, "Kali bwanji ka George?" Ndipo ndinkawauza zonse, zimene kadya, mmene kakuyendera. Nthawi zina akang'amba chiweto chakufa ankandiitana kuti ndidzaone, n'kundifunsa kaye kuti ndikuona chiyani iwo asananene. Ndinaphunzira kusiyanitsa chiwindi cha njoka zam'mimba, chokhala ndi timadontho toyera ngati ta mkaka, ndi chiwindi chonyenyeka chija. Sukulu ndinalekeza ndisanadziwe bwino kulemba, koma pansi pa mtengo uja munthu wophunzira ankandifunsa maganizo anga n'kudikira yankho. Zimenezo sindinaziiwale.

Kenako zinafika zaka zovuta. Chipani chinali chitakhala chimodzi, ndipo m'masitolo zinthu zinayamba kusowa. Tinkaima pamzere wa sopo, wa mafuta ophikira, wa shuga, nthawi zina osadziwa n'komwe kuti kutsogoloko kwabwera chiyani. Botolo langa lachitatu litatha ndinapita nalo kwa adokotala. Anatsegula bokosi lawo la mankhwala n'kundionetsa. Munali thonje, majakisoni opanda kanthu, ndi botolo limodzi la mankhwala a mabala.

"Vochokela kunja sivibwela," anatero. "Koma vitamini uja sanayambile mu botolo. Ali mu nshaba, ali mu mpendadzuwa, ali mu kamtima ka chimanga, ali mu masamba. Mupatse ving'ono ving'ono, koma va manje manje, osati vogonela."

Chaka chimenecho ndinabzala mpendadzuwa mozungulira nyumba yonse, ndipo mayi wa ku Kasama anabzalanso kwake. Pochokera kuntchito ndinkathyola bonongwe ndi mwamunaaligone m'mphepete mwa njira, kufika kunyumba mtolo uli pamutu. Achibale akabwera kuchokera ku Katete ndi nsawa, ndinkapatulako zosweka n'kusinja pang'ono tsiku lomwelo loti ndipereke. Ndinapitiriza kutenga tiana tonyentchera. Tina tinkafabe, ndipo ndinkating'amba ndekha kuseri kwa nyumba kuti ndione. Nthawi zina chinali chiwindi, nthawi zina sindinkapeza chifukwa. Koma tambiri tinkakhala moyo, ndipo tikakula pang'ono ndinkagawira amayi a m'komboni amene ankafuna kuyamba kuweta. Aliyense ndinkamuuza kuti anunkhize gaga asanapereke.

Ka banga pakhutu kaja kanakula n'kukhala nkhumba, ngakhale yaifupi kuposa anzake a pafamu. Akapitao anandilola kuipititsa kwa nkhumba yamphongo ya pafamu, akunena kuti tikungotaya nthawi. Inatenga bere. Miyezi yonseyo ndinaidyetsa masamba ndi nsawa kuposa kale, chifukwa adokotala anati kuteteza ana kumayambira mwa make. Inabereka Loweruka masana, mvula ikuwaza, ine ndi mayi wa ku Kasama titagwada m'khola, amuna anga atagwira lata pamwamba pathu pamene pankadontha. Anabadwa ana asanu ndi awiri. Mnzangayo ankawanyamula mmodzimmodzi, kuwayeza m'manja, n'kumati, "Uyu ali bwino. Na uyu ali bwino." Wotsiriza anali wocheperako, koma osati wonyentchera.

Lamlungu lotsatira akapitao anabwera pa njinga yawo, atavala jekete. Anali asanafikepo kwathu. Anati akudutsa chabe popita ku Matero. Anaima pa khola nthawi yaitali, manja kumbuyo, akuyang'ana nkhumba ikuyamwitsa.

"Ndiye kaja aka?"

"Ndiye kaja."

Anamwa tiyi, anacheza ndi amuna anga za mvula, napita. Koma Lolemba nditafika kuntchito ndinapeza atatchinga pakona ya nyumba yoberekeramo ndi matabwa, ataikamo udzu wouma ndi masaka. Anandiuza akuyang'ana kwina kuti tonyentchera tizikhala mmenemo, ndizitisamalira pompo, kusiyana n'kumasenza makatoni tsiku ndi tsiku ngati wogulitsa tomato.

Tinagwira ntchito motero zaka zingapo, ndipo ndikakumbukira moyo wanga wa ku Lusaka, zaka zimenezo ndi zimene zimabwera poyamba. Zinthu zinali zosowa, nsapato zinkatha ndi ulendo wa kufamu, dzinja madzi ankalowa m'nyumba. Koma amuna anga anali moyo ndi amphamvu, ana anali aang'ono, ndipo ndinkadzuka ndikudziwa kuti pali ntchito imene ndimaidziwa bwino kuposa wina aliyense pafamu paja.

Adokotala anasamutsidwira kumpoto. Tsiku lawo lomaliza anandipatsa kampeni kawo kaja, atakakulunga m'pepala, n'kunena kuti, "Muziyang'ana mukati, bamayo. Musazingoganiza chabe." Sindinawaonenso. Amene anabwera m'malo mwawo anali munthu wabwino, koma wofulumira, ndipo ankalankhula ndi akapitao okha.

George nayenso anali kudzaza. Pamene panali udzu panamangidwa nyumba, pamene tinkabzala maungu panakhala njira. Anthu atsopano anayamba kudandaula za fungo ndi ntchentche, ndipo sindingawanene, chifukwa mawindo awo anali atayang'ana pa khola langa. Tsiku lina atcheyamani a chipani a m'dera lathu anabwera, munthu amene ndinamugawirapo kankhumba, nakhala pampando mwamanyazi, n'kundiuza kuti nkhumba m'komboni sizikuloledwanso. Anandipatsa mwezi umodzi.

Zina zonse ndinagawa, koma ya banga pakhutu sindinafune kuti iphedwe. Inali itakalamba, itabereka kambiri, mano atayamba kutha. Mchimwene wanga anali ndi munda ku Chongwe, ndipo anavomera kuitenga. Amuna anga anapangana ndi dalaivala wa lole imene inkanyamula mchenga kumene ankamanga. Inabwera m'mawa, n'kuima pamsewu waukulu chifukwa njira za m'komboni zinali zitachepa. Nkhumba inayenda yokha pambuyo panga mpaka pamsewu, ana a m'komboni akutitsatira. Pokweza m'pamene inavuta. Amuna asanu analimbana nayo pa matabwa, mpaka ndinakwera ndine n'kuiitana kuchokera pamwamba.

Mayi wa ku Kasama anali atabwera ndi dengu la kalembula, naliponya m'lole. Anauza dalaivala kuti ayende pang'onopang'ono pa mabampu, n'kumubwerezera kawiri. Amuna anga anakwera kumbuyo kuti aiperekeze. Lole itanyamuka, ife awiri tinaima pamsewu mpaka inakhota. Kenako mnzangayo anati wachedwa kumsika, ine ndinati ndachedwa kufamu, ndipo aliyense analowera kwake.